Dzina la Ficino ndi mwini wake, Marsilio wa ku Florence: mafunso ndi mayankho

Wowerenga mbiri ya filosofi ya ku Ulaya sachedwa kukumana ndi dzina la Ficino. Buku lina lilemba Ficinus, lina Ficini, la Chifalansa Ficin, mpaka munthu n'kumaganiza kuti ndi anthu anayi. Ndi mmodzi yemweyo, Marsilio, mwana wa dokotala, wobadwa mu 1433, amene anaika m'Chilatini mabuku onse a Plato, wafilosofi wakale wa Chigiriki, m'nyengo imene imatchedwa Renaissance, ndiye kuti kubadwanso kwa maphunziro a Agiriki ndi Aroma akale.

Kodi dzinali limatchulidwa bwanji?

Fi-chi-no, liwu likutsamira pa chi. M'Chitaliyana c yotsatidwa ndi i kapena e imamveka ngati ch yathu. Msampha uli kwina: ch ya Chitaliyana imamveka k, choncho Machiavelli ndi Makiyaveli, Michelangelo ndi Mikelanjelo. Medici liwu limatsamira koyambirira, ME-di-chi. Careggi ndi Kareji, ndipo Figline, kwawo kwa Marsilio, ndi Filyine; g wakeyo samveka payekha.

Linachokera kuti?

Linachokera kwa bambo ake. Pano mawu oti "dzina la bambo" akunena zenizeni, popanda kukuluwika. Bambowo anali dokotala, ndipo dzina lawo la ubatizo linali Diotifeci, alembi ena ankalemba Dietifeci. Ndi chiganizo chathunthu chimene chinasanduka dzina: Dio ti fece, "Mulungu anakupanga". Ku Tuscany ndi madera oyandikana nawo mayina otere sanali achilendo. Diotisalvi ndi "Mulungu akupulumutse", Diotallevi ndi "Mulungu akulere", Bentivoglio ndi "ndimakufunira zabwino". Kholo limene limatcha mwana Yamikani kapena Madalitso lingamve msanga chimene makolo amenewo ankachita.

Koma dzina lalitali silikhalitsa pakamwa. Anthu a ku Tuscany ankakonda kulidula kumutu n'kusunga mchira. Tommaso ankasanduka Maso, Giovanni ankasanduka Vanni kapena Nanni, Bartolomeo ankasanduka Meo. Kumchirako ankalumikiza kachidutswa kosonyeza kukula kapena khalidwe la munthuyo. Kachidutswa ka -ino kamachepetsa kapena kusonyeza chikondi, monga ka- wathu, pamene -accio kamakuza monyoza pang'ono, monga chi-. Ojambula awiri amene anagwira ntchito limodzi m'tchalitchi cha Santa Maria del Carmine ku Florence, Masolino ndi Masaccio, onse anali a Tommaso; wina kaTomasi, wina chiTomasi.

Dzina la dokotalayo linayenda njira yomweyo: Diotifeci, kenako Feci, kenako Fecino, pomaliza Ficino. Odwala ankamudziwa kuti maestro Ficino. Mwana wake atayamba kulemba mabuku, dzina lodziwika la bamboyo ndilo linamumatirira. Choncho Ficino, pa nthawi ya Marsilio, linali dzina la banja latsopano kwambiri, la m'badwo umodzi wokha.

Ndiye silikukhudzana ndi nkhuyu kapena tawuni ya Figline?

Kwa Marsilio, ayi. Nkhuyu m'Chitaliyana ndi fico, ndipo khutu limathamangira kulumikiza mawu awiriwa, koma kufanana kwa kamvekedwe si umboni wa chiyambi. Figline nalo lili ndi muzu wake, mawu a Chilatini akuti figulinae, malo oumbirako mbiya. Tawuniyi ili m'chigwa cha mtsinje wa Arno, kumwera chakum'mawa kwa Florence, ndipo kuyambira 2014 inaphatikizidwa ndi Incisa kukhala Figline e Incisa Valdarno. Amene akuifufuza pa mapu ayese dzina latsopanoli.

Nanga bwanji mabuku akale amalemba Ficinus, ena Ficini?

Chifukwa Chilatini chimasintha mathero a dzina malinga ndi ntchito yake m'chiganizo. Ngati iye ndiye wochita, ndi Marsilius Ficinus. Ngati tikunena kuti buku ndi "la" iye, ndi Marsilii Ficini. Pachikuto cha mabuku ake mumapeza Marsilii Ficini Florentini, kutanthauza "la Marsilio Ficino wa ku Florence". Ophunzira ambiri amakopera mawu atatuwa ngati dzina la wolemba, n'kuika "Florentini, M. F." pamndandanda wa mabuku kumapeto kwa pepala lawo. Nkulakwa kumeneko. Cholondola ndi "Ficino, Marsilio".

Abale ake ankalembedwanso Ficini m'Chitaliyana. Mayina a mabanja othera ndi -i ndi ochuluka pakati ndi kumpoto kwa Italy, monga Medici, Pazzi, Strozzi, pamene kumwera ambiri amathera ndi -o. Akatswiri a zinenero amati -i ameneyu amachokera ku "wa uje" wa Chilatini cha alembi a zamalamulo, kapena ku kuchulukitsa, ngati kunena kuti "a kwa Ficino". Afalansa anadula mathero onse n'kumati Marsile Ficin. Pofufuza mulaibulale kapena pa intaneti, yesani zonse zinayi, apo ayi mudzaphonya theka la zimene zilipo.

Banja la dokotala wodziwika likanakhala bwanji lopanda dzina la banja?

Nthawi imeneyo ambiri analibe. Mu 1427 boma la Florence linachita kalembera wa msonkho wotchedwa catasto, amene analemba mabanja pafupifupi 60,000 a mumzinda ndi madera amene unkalamulira. Mumzinda weniweniwo mabanja okhala ndi dzina lokhazikika anali osakwana theka, ndipo kumidzi anali ochepa kwambiri. Dzina la banja linali la anthu a chuma ndi a ndale. Ena onse ankadziwika ndi unyolo wa makolo: uje wa uje wa uje.

Timawu tating'ono ta mu unyolowo n'tofunika kutidziwa. Di ndi "mwana wa". Da ndi "wochokera ku", choncho da Vinci si dzina la bambo a Leonardo koma mudzi. De' ndi chidule cha dei, "wa fuko la", monga Cosimo de' Medici. Ser ankaikidwa kutsogolo kwa dzina la mlembi wa zamalamulo kapena wansembe, maestro kwa dokotala kapena mphunzitsi, messer kwa katswiri wa malamulo kapena munthu wa ulemu wapamwamba. Bambo a Marsilio m'zikalata ndi Diotifeci d'Agnolo, ndiye kuti agogo ake a Marsilio anali Agnolo.

Mayina a mabanja anakhazikika ponseponse pambuyo pa msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Trent, umene mu 1563 unalamula ansembe a m'maparishi kusunga mabuku a ubatizo ndi a maukwati. Chimene chalembedwa m'buku chaka ndi chaka sichisinthasintha ngati cha pakamwa.

Marsilio Ficino anali ndani?

Anabadwa pa 19 Okutobala 1433 ku Figline, mayi ake anali Alessandra. Bambo ake ankachiritsa Cosimo de' Medici, mwini banki amene ankayendetsa Florence mosavala chisoti chachifumu. Marsilio anaphunzira Chilatini, filosofi ya Aristotle ndi zamankhwala, kenako Chigiriki. Mu 1462 Cosimo anamupatsa mabuku a Plato olembedwa pamanja, ndipo chaka chotsatira anamupatsa kamalo ku Careggi, kunja pang'ono kwa mzinda, kuti akhale pansi azimasulira. Anadzozedwa unsembe mu 1473, ali ndi zaka 40, ndipo mu 1487 analowa m'gulu la ansembe a tchalitchi chachikulu cha Florence. Sanali woyendayenda, Ulaya ankamufikira kudzera m'makalata, amene anasonkhanitsidwa m'mabuku 12 n'kusindikizidwa ku Venice mu 1495. Anamwalira ku Careggi pa 1 Okutobala 1499.

Iye mwini anaseweretsa dzina lake m'mawu oyamba a buku lake la zaumoyo. Ananena kuti anali ndi abambo awiri, Ficino dokotala ndi Cosimo Medici, dzina limene nalonso limatanthauza madokotala. Woyamba anamupereka kwa Galen, wochiritsa matupi, wachiwiri kwa Plato, wochiritsa mizimu. Ndi nthabwala, koma ndi kiyi wabwino wowerengera munthuyu. Ngakhale akamalemba za Mulungu, amaganiza ngati mwana wa dokotala: chikudwala n'chiyani, chayambitsa n'chiyani, mankhwala ake ndi ati.

Plato sanali wodziwika kale? Chatsopano chimene Ficino anachita n'chiyani?

Dzina la Plato linkadziwika, koma mabuku ake ayi. Kwa zaka mazana ambiri, owerenga Chilatini kumadzulo kwa Ulaya anali ndi gawo la Timaeus lomasuliridwa ndi Calcidius, kuphatikiza Meno ndi Phaedo zimene Henricus Aristippus anamasulira ku Sicily m'zaka za m'ma 1100. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 Leonardo Bruni ndi anzake anawonjezera ena angapo. Wina aliyense ankadziwa Plato wa m'makutu, wongomvera kwa Cicero ndi Augustine.

Ficino anamasulira onse. Cosimo asanamwalire pa 1 Ogasiti 1464, zokambirana khumi (mabuku a Plato amalembedwa ngati anthu akukambirana) zinali zitatha. Ntchito yonse inafika kumapeto chakumapeto kwa zaka za m'ma 1460, koma anapitiriza kuikonza kwa zaka zambiri, ndipo inasindikizidwa ku Florence mu 1484. Plato wa Chigiriki anasindikizidwa koyamba ndi Aldus Manutius ku Venice mu 1513, patatha zaka 29. Kwa m'badwo wathunthu, amene ankati akuwerenga Plato wosindikizidwa ankawerenga Ficino.

Apa pali zinthu ziwiri zoti wophunzira asamale nazo. Choyamba, Ficino ankaika chidule ndi ndemanga zake kutsogolo kwa zokambiranazo, ndipo ankawerenga Plato ndi maso a Plotinus, wafilosofi wa m'zaka za m'ma 200 amene anaphunzira ku Alexandria, ku Egypt. Plotinus nayenso anamumasulira, buku linatuluka mu 1492. Zimene mwapeza m'chidule cha Ficino musaziike m'kamwa mwa Plato musanaone ngati zilimodi m'zokambiranazo. Chachiwiri, manambala amene masiku ano timalozera nawo ndime za Plato, monga 514a, anachokera ku buku la Henri Estienne la mu 1578. Mabuku oyambirira a Ficino alibe manambala amenewa, choncho kufananitsa ndime kumafuna kuwerenga ndi chala pamzere.

N'zoona kuti anaimitsa Plato kuti amasulire kaye buku la ku Egypt?

N'zoona. Cha m'ma 1460 mmonke wina, Leonardo wa ku Pistoia, anabweretsa ku Florence buku la Chigiriki lochokera ku Macedonia, lokhala ndi nkhani 14 zimene ankati analemba ndi Hermes Trismegistus, wanzeru wa ku Egypt. Cosimo anali wokalamba ndipo ankafuna kuliwerenga asanatsikire kulichete. Ficino analimaliza mu 1463, ndipo linasindikizidwa ku Treviso mu 1471 ndi dzina loti Pimander. Dzinali kwenikweni ndi la nkhani yoyamba yokha, koma linaphimba zonse.

Changu chake chinali ndi chifukwa. Ficino ankakhulupirira kuti Mulungu anapereka nzeru imodzi yakalekale imene inkadutsa kuchokera kwa mphunzitsi kupita kwa wophunzira. M'mawu oyamba a 1463 unyolowo ndi Hermes, Orpheus, Aglaophemus, Pythagoras, Philolaus, Plato. Pambuyo pake anaika Zoroaster kutsogolo n'kuchotsa Philolaus, kuti akhalebe asanu ndi mmodzi. Ngati Hermes anakhalako pafupi ndi nthawi ya Mose, ndiye kuti mawu ake ofanana ndi Genesis ndi Uthenga wa Yohane anali ulosi.

Maziko amenewo anagumuka mu 1614, pamene Isaac Casaubon anaonetsa kuchokera ku mtundu wa Chigiriki chake ndi zinthu zotchulidwamo kuti zolembazo n'za m'zaka zoyambirira za Chikhristu. Kufananako sikunali ulosi. Olembawo ankapuma mpweya umodzi ndi Akhristu oyamba ndi otsatira Plato a nthawi yawo.

Chiphunzitso chake chachikulu n'chotani?

Chili m'buku lotchedwa Theologia Platonica, la zigawo 18, lolembedwa pakati pa 1469 ndi 1474 n'kusindikizidwa mu 1482. Mutu wake wonse umanena cholinga: kusafa kwa mizimu.

Ficino amasanja zonse zimene zilipo m'masitepe asanu. Pamwamba Mulungu, kenako nzeru ya angelo, kenako mzimu, kenako mikhalidwe ya zinthu monga kutentha ndi mtundu, pansi penipeni thupi. Muwerenge kuchokera pamwamba kapena pansi, mzimu ndi wachitatu. Umayang'ana kumwamba ndi kuganiza za zosatha, umayang'ananso pansi ndi kuyendetsa thupi, choncho ndiwo mfundo yomanga chilengedwe chonse pamodzi. Plotinus sanasanje choncho. Ficino anakonza makwererowo dala kuti mzimu ugwere pakati.

Mwa zifukwa zambiri zimene amapereka, cholimba kwambiri n'cha chilakolako. Munthu amafuna choonadi chonse ndi ubwino wonse, ndipo m'moyo uno sakhuta. Ng'ombe ikadya msipu imagona. Ngati chilengedwe sichiika njala imene ilibe chakudya chake, ndiye kuti payenera kukhala moyo wina kumene njala ya munthu idzathere. Kupanda apo, munthu ndiye nyama yomvetsa chisoni kuposa zonse. Mdani amene akulimbana naye, makamaka m'chigawo cha 15, ndi Averroes wa ku Cordoba, amene otsatira ake ankaphunzitsa kuti anthu onse amagawana nzeru imodzi yosafa, ndipo munthu payekha amatha ndi imfa.

Mfundo ya chilakolakoyo ili ndi pofooka poonekera: imayamba yavomereza kale kuti chilengedwe sichinamiza. Pietro Pomponazzi mu 1516 analemba kuti nzeru za umunthu pazokha sizingatsimikize kusafa kwa mzimu, ngakhale kuti msonkhano wachisanu wa Lateran mu 1513 unali utalengeza kusafako ngati chiphunzitso cha Mpingo.

Kodi ndiye anayambitsa mawu oti "chikondi cha Plato"?

Ndiye anawayambitsa, amor platonicus, koma tanthauzo lake linali lolemera kuposa "chibwenzi chosagonana" cha masiku ano. Buku lake la chikondi, De amore, la mu 1469, ndi ndemanga ya Symposium ya Plato, ndipo iye mwini analimasuliranso m'Chitaliyana cha ku Tuscany. Analikonza ngati phwando la ku Careggi pa 7 Novembala, tsiku limene ankati Plato anabadwa ndi kumwalira. Oitanidwa ndi asanu ndi anayi, zokamba ndi zisanu ndi ziwiri. Mmodzi mwa oitanidwawo ndi "Ficino dokotala", bambo ake, amene amanyamuka msanga pamodzi ndi bishopu wa ku Fiesole, wina kukasamalira matupi, wina mizimu. Owerenga osadziwa chiyambi cha dzinali amasokonezeka apa, n'kumadabwa kuti wolemba wachoka bwanji paphwando lake lomwe.

Chikondi, malinga ndi iye, ndi kulakalaka kukongola, ndipo kukongola ndi kuwala kwa Mulungu koonekera m'zolengedwa. Kumalandiridwa ndi zinthu zitatu zokha: maganizo, maso ndi makutu. Kukhudza, kulawa ndi kununkhiza n'za njala ya thupi. Anthu awiri okondana moyenera amathandizana kukwera kuchokera ku nkhope yokongola kupita ku khalidwe lokongola, mpaka kwa Mwini kukongola. Iye ankanena makamaka za ubwenzi wa amuna ophunzira, monga wake ndi Giovanni Cavalcanti. Olemba a m'zaka za m'ma 1500 ndiwo anausamutsira ku chikondi cha mwamuna ndi mkazi.

Udokotala sunamuchoke ngakhale pano. Chikondi chonyansa amachifotokoza ngati matenda opatsirana: nthunzi yopyapyala ya magazi imatuluka m'maso mwa wina, n'kulowa m'maso mwa mnzake, n'kukadetsa magazi ake.

Buku lake la zaumoyo lili ndi malangizo otani?

De vita, la mu 1489, lili ndi zigawo zitatu: kusunga thanzi la anthu ophunzira, kutalikitsa moyo, ndi kukoka moyo kuchokera kuthambo. Linasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa zana.

Kuti mulimve, siyanitsani mawu awiri amene Chichewa chingawaphatikize. Anima ndi mzimu wosafa. Spiritus ndi nthunzi ya magazi ija, yopangidwa ndi kutentha kwa mtima, imene imalumikiza mzimu ndi thupi. Mlimi amasamala khasu, woimba amasamala zeze. Chida cha munthu wophunzira ndi nthunzi imeneyi, ndipo kuganiza kwambiri kumaitha. Ikatha, magazi otsala amakhala olemera, ouma ndi akuda, ndipo munthu amagwidwa ndi ndulu yakuda, melancholia, imene imabweretsa chisoni ndi mantha. Ficino ankati iye mwini anabadwa pansi pa pulaneti ya Saturn, mwini wa matendawa.

Amatchula adani asanu a wophunzira: makhololo, ndulu yakuda, kugonana mopitiriza muyeso, kukhuta kwambiri chakudya ndi vinyo, ndi kugona mpaka dzuwa litakwera. Ndulu yakudayo saifuna itheretu, chifukwa ikasakanizika bwino ndiyo imabala nzeru zakuya. Muyeso wake ndi magawo asanu ndi atatu a magazi, awiri a ndulu yachikasu, awiri a ndulu yakuda. M'mawa wophunzira adzuke ola limodzi kapena awiri dzuwa lisanatuluke, adzisisite thupi, apese mutu ndi chipeso cha mnyanga wa njovu kuchokera pamphumi kupita kunkhongo maulendo 40, kenako ayambe kuwerenga, akumapumira pang'ono ola lililonse. Zonunkhira, nyimbo, kuwala, kuyenda m'minda yobiriwira, zonsezi ndi mankhwala.

Za kudzuka m'mawa ndi kupumira pakati pa kuwerenga palibe angatsutse. Zina n'zoopsa. M'chigawo chachiwiri amalangiza okalamba kuyamwa magazi pang'ono kuchokera pamtsempha wa dzanja lamanzere la mnyamata wathanzi. Chiphunzitso cha madzi anayi a m'thupi (magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda) chimene zonsezi zaimapo chinatayidwa kalekale ndi madokotala. Bukuli ndi la mbiri, si la kuchipatala.

Wansembe ankalemba bwanji za nyenyezi ndi zithumwa? Mpingo sunamugwire?

Unatsala pang'ono. Chigawo chachitatu, chimene anachipereka kwa Matthias Corvinus, mfumu ya Hungary, chimaphunzitsa kuti dziko lonse lili ndi nthunzi yakeyake, ndipo zinthu zina zimasunga mphamvu ya pulaneti inayake. Wolemedwa ndi Saturn adzizungulire ndi za Dzuwa, Jupiter ndi Venus: golide, uchi, safironi, sinamoni, vinyo wabwino, nyimbo zoimbidwa pa nthawi yoyenera. Mpaka apa madokotala ambiri a nthawiyo akanavomera. Vuto linali pa zifaniziro zozokotedwa pamiyala ndi pazitsulo pa ola losankhidwa. Augustine ndi Thomas Aquinas anali atachenjeza kale kuti chizindikiro cholembedwa chimafuna wochiwerenga, ndipo wochiwerengayo angakhale chiwanda.

Ficino ankadziwa kuti akuponda pa minga. Analemba kuti zithumwazo akungozifotokoza, sakuzivomereza, ndipo anawonjezera chodzitetezera chonena kuti ansembe akale analinso asing'anga ndi openda nyenyezi, komanso kuti anzeru a kum'mawa ndiwo anayamba kugwadira Khristu. Mu 1490 anamunenezabe ku Rome, kwa Papa Innocent VIII. Abwenzi ake a maudindo anamulankhulira ndipo nkhaniyo inazilala osaweruzidwa. Mnzake wamng'ono, Giovanni Pico della Mirandola, sanachite mwayi wotere: Papa yemweyo anali atatsutsa mfundo zake 900 mu 1487.

Sukulu ya Plato ya ku Florence inalikodi?

Osati monga mabuku akale a mbiri amaijambulira, yokhala ndi nyumba, malamulo ndi kaundula wa mamembala. Nkhaniyo imachokera kwambiri ku mawu oyamba a Plotinus wa 1492, m'mene Ficino amati Cosimo, atamva Mgiriki Gemistos Plethon akuphunzitsa pa msonkhano wa Mpingo wa ku Florence mu 1439, anaganiza zoyambitsa academia. Wolemba mbiri James Hankins anaonetsa mu 1991 kuti Ficino ankagwiritsa ntchito mawuwa m'matanthauzo angapo. Chotsimikizika n'chakuti panali gulu la abwenzi ndi ophunzira omuzungulira. Polemba mayeso, "gulu la Ficino" n'lotetezeka kuposa "sukulu imene inatsegulidwa mu 1462".

Bwanji mabuku amasiyana chaka chimodzi pa madeti a makalata a nthawiyo?

Chifukwa ku Florence chaka chinkayamba pa 25 Malichi, tsiku limene mngelo anaonekera kwa Maria, ndipo zinakhala choncho mpaka 1750. Lamulo lake n'losavuta. Deti likagwa pakati pa 1 Januwale ndi 24 Malichi, wonjezerani chaka chimodzi. Likagwa pakati pa 25 Malichi ndi 31 Disembala, lisiyeni. Bambo a Michelangelo analemba kuti mwana wawo anabadwa pa 6 Malichi 1474. Kwa ife ndi 1475. Madeti a kubadwa ndi kumwalira kwa Ficino ali mu Okutobala, choncho sakhudzidwa.

Cholakwika chofala ndi kuwonjezera kawiri: mkonzi wa buku anasintha kale detilo, wowerenga n'kuwonjezeranso. Onani mawu oyamba a bukulo, kapena chizindikiro s.f., stile fiorentino. Ku Pisa, mtunda wochepa chabe, ankayambanso pa 25 Malichi koma ali chaka chathunthu patsogolo pa Florence.

Munthu wa dzina la Ficino kapena Ficini lero ndi mdzukulu wake?

Wa mzere wolunjika, ayi. Marsilio anali wansembe ndipo sanasiye ana. Dzinali linapitirira kudzera mwa abale ake, monga Ficino Ficini, mwana wa m'bale wake Cherubino. Ndiponso Diotifeci sanali mmodzi ku Tuscany, choncho dzina lofanana likhoza kuphuka m'mabanja osadziwana n'komwe.

Wofuna kufufuza ayambire kwa iye mwini n'kumabwerera m'mbuyo, osati kuyambira kwa munthu wotchuka n'kumatsika. Choyamba apeze comune, boma laling'ono kumene kholo lomaliza lodziwika linabadwira, chifukwa zolembedwa za ku Italy zimasungidwa malinga ndi malo. Dzina lopanda mudzi silipita patali. Kuyambira 1866 pali kaundula wa boma la Italy yogwirizana, ndipo zithunzi za mabuku ambiri akale zili pa Portale Antenati kwaulere. M'mbuyo mwa apo pali za nthawi ya Napoleon ndi za maboma amene anatsatira. M'mbuyo mwa izo ndi mabuku a parishi, ambiri m'Chilatini. Florence ili ndi mwayi wapadera: mabuku a ubatizo a San Giovanni amayambira mu 1450 ndipo amasungidwa ndi Opera di Santa Maria del Fiore.

Pamene anthu amasochera ndi apa. Dzina la agogo limabwerezedwa kwa adzukulu, choncho m'mudzi umodzi mungakhale a Giovanni di Antonio atatu a msinkhu umodzi. Tsimikizani ndi dzina la mayi. Akazi amalembedwa ndi dzina la kwawo, osati la mwamuna. Di amasonyeza kuti bambo ali moyo, fu kapena quondam kuti anamwalira, ndipo kachizindikiro kameneka kamakupatsani malire a chaka cha imfa. Kalembedwe kamasintha ndi dzanja la wansembe, Fecini lero, Ficini mawa. Ndipo mzere ukafika kwa mwana wotayidwa umaduka, chifukwa dzina ankapatsidwa ndi nyumba yolerera ana. Ku Florence ambiri ankatchedwa Innocenti, potengera Ospedale degli Innocenti imene inayamba kulandira ana mu 1445.

Ndi Marsilio yemweyo wa ku Padua?

Ayi. Marsilio wa ku Padua ndi wa m'zaka za m'ma 1300, ndipo buku lake la mu 1324, Defensor pacis, limatsutsa ulamuliro wa Papa pa zandale. Anamwalira zaka pafupifupi 90 Ficino asanabadwe.

Nkhope yake ingaonedwe kuti?

Malo awiri ku Florence. M'tchalitchi cha Santa Maria Novella, kuseri kwa guwa lalikulu, Domenico Ghirlandaio anajambula pakhoma mngelo akuonekera kwa Zakariya, pakati pa 1485 ndi 1490. M'munsi chakumanzere muli amuna anayi ataima pamodzi; woyamba kumanzere ndi Ficino, ali ndi Cristoforo Landino ndi Angelo Poliziano. Chinajambulidwa iye ali moyo. M'tchalitchi chachikulu, Santa Maria del Fiore, muli chosema cha Andrea Ferrucci cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1520, chimene chimamuonetsa atagwira buku lalikulu ngati mmene woimba amagwirira zeze.